Momwe mungapezere adiresi ya kompyuta kuchokera pa dzina lake pogwiritsa ntchito getaddrinfo

Munthu akalemba dzina ngati example.com pa foni kapena pa kompyuta, makinawo sangalumikizane ndi seva imeneyo asanadziwe adiresi yake ya manambala. Ntchito yosandutsa dzina kukhala adiresi imachitika mwakachetechete moti ambiri amene akuphunzira kulemba mapulogalamu saiganizira n'komwe, kufikira tsiku limene pulogalamu yawo yangoima osayankha kanthu. Pano tiona momwe ntchitoyi imachitikira m'chiyankhulo cha C pa Linux, ndipo mfundo yaikulu imene ndikufuna kuti muigwiritsitse ndi yakuti dzina limodzi silikhala ndi adiresi imodzi yokha: limabweretsa mndandanda, ndipo pulogalamu yolembedwa bwino imayenera kuyesa mndandanda wonsewo.

Pa nthawi ya ARPANET, netiweki imene inatsogolera intaneti, mayina a makompyuta onse ankalembedwa mu fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT, imene inkasungidwa ku Stanford Research Institute ku America, ndipo makompyuta ena onse ankaikopera kuchokera kumeneko. Makina atachuluka njirayi inalephera, ndipo mu 1983 Paul Mockapetris anakonza DNS, dongosolo limene limagawa udindo wosunga mayina kwa maseva ambirimbiri. Fayilo ya /etc/hosts imene ili pa kompyuta yanu lero ndi chotsalira cha njira yakale ija, ndipo ikugwirabe ntchito.

Sankhani function yoyenera

M'mabuku akale ndi m'zitsanzo zambiri za pa intaneti mudzapeza gethostbyname ndi gethostbyaddr. Musayambe nazo pulogalamu yatsopano. Yankho la gethostbyname limasungidwa pamalo amodzi a memory amene amafufutidwa mukaiitananso kachiwiri, zimene zimabweretsa chisokonezo pulogalamu ikamayendetsa ma thread angapo nthawi imodzi, komanso siinakonzedwe kuti izigwira bwino ntchito ndi IPv6, mtundu watsopano wa ma adiresi umene unabwera pambuyo pa IPv4. Malamulo a POSIX (muyezo umene madongosolo a mtundu wa Unix amatsata) a mu 2001 ananena kuti ndi zachikale, ndipo a mu 2008 anazichotseratu. M'malo mwake muli getaddrinfo ndi getnameinfo, zimene zafotokozedwa mu chikalata cha miyezo ya intaneti chotchedwa RFC 3493 cha mu 2003. Kuti muzigwiritse ntchito, ikani sys/types.h, sys/socket.h ndi netdb.h pamwamba pa fayilo yanu. Pa Windows zili mu ws2tcpip.h, ndipo muyenera kuyamba mwaitana WSAStartup.

Uzani function zimene mukufuna

Musanafunse, mumadzaza struct addrinfo yaing'ono yofotokoza mtundu wa yankho limene mukuliyembekezera:

```
struct addrinfo hints, *zotsatira, *p;
memset(&hints, 0, sizeof hints);
hints.ai_family = AF_UNSPEC;
hints.ai_socktype = SOCK_STREAM;
int yankho = getaddrinfo("example.com", "443", &hints, &zotsatira);
```

Mzere wa memset usaiwalike, chifukwa mukausiya, m'magawo amene simunawadzaze mumatsala zinyalala za memory zimene function ingaziwerenge ngati malangizo anu. AF_UNSPEC ikutanthauza kuti mukulandira ma adiresi a mitundu yonse iwiri, a IPv4 okhala ndi ma bit 32 amene amachokera ku ma record (zolembedwa mu DNS) a A, ndi a IPv6 okhala ndi ma bit 128 amene amachokera ku ma record a AAAA. SOCK_STREAM ikusonyeza kuti mukufuna TCP. Mukasiya gawo limeneli pa ziro, pa Linux mudzaona adiresi iliyonse ikubwera katatu, kamodzi pa mtundu uliwonse wa socket, ndipo ambiri amadabwa poganiza kuti pena pake palakwika. Pamalo pa "443" mungathe kulemba "https", ndipo nambala ya port idzapezeka mu /etc/services. Ngati mukulemba seva yodikira ena kuti ailumikize, ikani NULL pamalo pa dzina ndipo muike AI_PASSIVE mu ai_flags.

Werengani yankho mosamala

Function ikabweza 0, zonse zayenda. Ikabweza nambala ina, musathamangire ku errno (pamene C imasunga nambala ya cholakwika) monga mmene munazolowerera ndi ma function ena, koma perekani nambalayo kwa gai_strerror kuti mupeze uthenga womveka. Pokhapokha yankho likakhala EAI_SYSTEM m'pamene chifukwa chenicheni chimakhala mu errno.

Pali mayankho awiri amene ayenera kusiyanitsidwa bwino lomwe. EAI_NONAME ikutanthauza kuti dzinalo silikudziwika, mwina chifukwa munthu walakwitsa polemba, ndipo kubwerezabwereza funso lomwelo sikungathandize. EAI_AGAIN ikutanthauza kuti pakali pano yankho silinapezeke, kawirikawiri chifukwa seva ya DNS siikuyankha kapena netiweki yaduka, ndipo pakapita kanthawi zikhoza kutheka. Kwa ife amene timalemba mapulogalamu ogwiritsidwa ntchito kumene magetsi amazimazima ndiponso netiweki ya foni imabwera n'kupita, kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri. Ndinaonapo pulogalamu yotumiza malipoti pa ofesi ina imene inkalemba kuti seva kulibe n'kudzitseka nthawi iliyonse rauta ikazima kwa mphindi ziwiri, ndipo wogwira ntchito pamenepo ankachita kudzuka pampando kukaiyatsanso pamanja kangapo pa tsiku. Cholakwika chinali mzere umodzi wokha umene unkatenga mayankho onse awiri ngati chinthu chimodzi. Yankho likakhala EAI_AGAIN, dikirani pang'ono ndi kuyesanso, ndipo nthawi yodikirayo muziitalikitsa ulendo uliwonse kuti musapanikize seva imene ili kale pamavuto.

Dziwaninso kuti getaddrinfo imaimitsa pulogalamu mpaka itapeza yankho. Pa Linux, ngati simunasinthe kalikonse mu /etc/resolv.conf, imadikira masekondi 5 pa seva iliyonse ndipo imayesa maulendo 2, choncho kudikira kungathe kufika masekondi 10 kapena kupitirira. Mukaiitana mu thread imene imayang'anira zooneka pa sikirini, wogwiritsa ntchito adzaona ngati pulogalamu yafa. Iikeni mu thread yakeyake.

Yendani mu mndandanda wonse

Zotsatira zimabwera zolumikizana ngati unyolo, chilichonse chikuloza chinzake kudzera mu ai_next:

```
for (p = zotsatira; p != NULL; p = p->ai_next) {
    s = socket(p->ai_family, p->ai_socktype, p->ai_protocol);
    if (s == -1) continue;
    if (connect(s, p->ai_addr, p->ai_addrlen) == 0) break;
    close(s);
}
```

Apa m'pamene ambiri amagwa, chifukwa amangotenga adiresi yoyamba n'kuiwala zinazo. Taganizirani dzina limene lili ndi adiresi ya IPv6 patsogolo, koma netiweki imene muli nayo siikutha kufikitsa uthenga wa IPv6 kumene ukupita. Pulogalamu yotenga yoyamba yokha idzalephera, pamene adiresi ya IPv4 yogwira bwino ntchito ili pomwepo pa mzere wachiwiri. Mapulogalamu otsegulira masamba a pa intaneti amapitirira apa: amayesa ma adiresi angapo motsatizana mofulumira osadikira kuti yoyamba ilephere, njira yotchedwa Happy Eyeballs imene yafotokozedwa mu RFC 8305. Pa pulogalamu yaing'ono, kuyesa imodzi ndi imodzi monga pamwambapa n'kokwanira, malinga ngati mukutseka socket iliyonse imene yalephera. Mukatuluka mu for n'kupeza kuti p ndi NULL, ndiye kuti palibe adiresi ngakhale imodzi imene yalola.

Mukamaliza, itanani freeaddrinfo ndi kuipatsa zotsatira, osati p, chifukwa p ingakhale itasuntha kale kuchoka poyambira unyolo. Pulogalamu yongoyenda kamodzi n'kutseka siingaonetse vuto mukaiwala zimenezi, koma seva yoyenda miyezi idzadya memory pang'onopang'ono mpaka kukomoka.

Kuchokera pa adiresi kubwerera ku dzina

Ntchito yobwerera m'mbuyo imachitika ndi getnameinfo. Mumaipatsa ai_addr ndi ai_addrlen, pamodzi ndi malo olembamo dzina, amene kukula kwake koyenera ndi NI_MAXHOST, yomwe pa Linux ndi 1025. Mukaika NI_NUMERICHOST, imangolemba adiresiyo m'manambala owerengeka popanda kufunsa seva iliyonse, ndipo imeneyi ndi njira yosavuta yosindikizira ma adiresi a mitundu yonse iwiri. Mukapanda kuika, imafunsa DNS record ya PTR, imene imasunga dzina la adiresi. Pa adiresi ngati 192.0.2.10, manambala amatembenuzidwa kukhala 10.2.0.192.in-addr.arpa, ndipo pa IPv6 amagwiritsa ntchito ip6.arpa. Yesani ndi 8.8.8.8, mudzalandira dns.google. Ma adiresi ambiri alibe PTR, ndipo zikatero function imabweza manambala omwewo, kupatula ngati mwaika NI_NAMEREQD kuti ikuuzeni poyera kuti dzina silinapezeke.

Dzina lopezeka mwa njira imeneyi musalikhulupirire pa nkhani za chitetezo. Amene amalemba PTR ndi mwini adiresi, osati mwini dzina, choncho munthu wa zolinga zoipa angathe kulembapo dzina la banki kapena la bungwe lililonse. Ngati dzinalo likufunikadi, lifunseninso ndi getaddrinfo ndipo muone ngati adiresi imene munayamba nayo ija ili mu mndandanda umene wabwera.

Zikakanika, fufuzani motere

Yambani ndi mzere wa hosts mu /etc/nsswitch.conf. Ukakhala ndi mawu akuti files kenako dns, ndiye kuti /etc/hosts imawerengedwa DNS isanafunsidwe, ndipo mzere wakale umene wina anausiya mmenemo poyeserera ungathe kutumiza pulogalamu yanu ku seva yolakwika kwa masabata. N'chifukwa chake mapulogalamu ofufuzira mayina monga dig kapena nslookup angakupusitseni: amafunsa DNS mwachindunji pa port 53 osayang'ana fayiloyo. Kuti muone ndendende zimene pulogalamu yanu ikuona, lembani getent ahosts example.com, popeza lamulo limeneli limadutsa mu getaddrinfo yomweyo. Amene mumalemba mu Python, socket.getaddrinfo imaitana function yomweyi pansi pake ndipo imabweza mndandanda womwewo, pamene socket.gethostbyname imangopereka adiresi imodzi ya IPv4.