Mphotho ya thanzi kwa ogwira ntchito m'boma: musalipire sikelo

Akuluakulu a m'makomiti oona za umoyo wa ogwira ntchito m'boma, ganizo lopatsa mphotho anthu amene akusamala thupi lawo ndi labwino ndithu, koma ambiri mumaliyambira kumchira. Mumaika sikelo pakhomo la ofesi n'kulengeza kuti amene atsitse makilo ambiri pofika Disembala alandira kenakake, ndiye wina amangodzimana chakudya sabata yomalizayo, watenga mphotho, pofika Febuluwale thupi labwerera lonse mwinanso kuposa poyamba.

Lipirani zimene munthu wachita, osati nambala imene thupi lake lasonyeza. Wabwera kudzayezetsa BP ndi shuga, mulembeni. Amene amupeza ndi BP ya 140/90 kapena kuposa apo n'kubwerera kwa dokotala monga anamuuzira, ameneyo ndiye woyenera mphotho kwambiri ngakhale nambala isanatsike, poti zina ndi za m'magazi a makolo, si ulesi ayi. Pa zolimbitsa thupi a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azikwanitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata, tingoti mphindi 30 masiku asanu, ndipo kuyenda ndawala kukukwanira, za jimu sizofunika.

Koma chimene ndikufuna mumvetsetse ndi ichi. Ku yunivesite ya boma ya Illinois ku America anayesa pulogalamu ngati imeneyi kuyambira 2016 pa antchito pafupifupi 5,000, ena anawapatsa mwayi wolowa ndi ndalama pamwamba, ena ayi. Anapeza kuti amene analowa anali anthu athanzi kale, othamangathamanga kale, ndipo patatha chaka ndalama zolipira kuchipatala komanso kujomba kuntchito sizinasinthe kwenikweni. Ndiye kuti mukangomata chikalata pa bolodi n'kukhala pansi, mphotho ipita kwa omwe aja ovala nsapato zothamangira m'mawa uliwonse, pomwe dalaivala, mlonda, mesenjala ndi namwino wogwira usiku sakudziwa n'komwe. Apitireni komweko, pa nthawi ya shifiti yawo, ndipo kuyezako kuzichitika mu nthawi ya ntchito osati Loweruka.

Mphothoyo musapereke yonse kamodzi. Kafukufuku wa 2009 pa antchito a kampani ya ku America ya General Electric anaigawa patatu, madola 100 ukamaliza maphunziro osiya fodya, 250 ukasiyadi atakuyeza, 400 ukakhalanso miyezi ina 6 osasuta. Mwa opatsidwa ndalama pafupifupi 15 pa 100 aliwonse anasiya, mwa ongopatsidwa uthenga anali 5 okha. Onani pamene anaika ndalama yaikulu, kumapeto, pamene munthu amagwera.

Ndalama za boma ndi zovuta kutulutsa tikudziwa, ma odita amafunsa. Tsiku limodzi la tchuthi loonjezera kapena ola la masewera Lachisanu masana ndi mphothonso.

Za zotsatira, zikhale kwa namwino ndi mwini wake basi. Bwana angolandira chiwerengero choti anthu angati abwera, osati dzina la amene ali ndi shuga. Anthu akangonunkhiza kuti pepala loyezera likukalowa mu fayilo yokwezera pa ntchito, ulendo wachiwiri mudzapeza mipando yokhayokha.