Kafikidwe ka ku St Bathans, Mudzi Wakale wa Golide

Mwafunsa njira ya ku St Bathans, ku Central Otago m'dziko la New Zealand. Choyamba, thirani mafuta okwanira m'tauni ya Alexandra, chifukwa ku St Bathans kulibe pothirira. Kenako tsatani msewu wa State Highway 85, mukhote mukaona chikwangwani. Nkhosa zikadzaza msewu, imani, musalize hutala; agalu a mbusa akudziwa ntchito yawo.

Mukafika, yambani ndi nyanja ya Blue Lake. Pamenepo panali phiri, koma okumba golide, omwe anayamba m'ma 1860, analigumula ndi madzi mpaka kusanduka chidzenje, kenako chinadzaza madzi. Izungulireni wapansi, musathamange. Mukatopa, kapumeni ku Vulcan Hotel, yomangidwa ndi zidina mu 1882. Ukakhala ulendo wa mu Julayi, tengani jekete lochindikala, kumazizira koopsa.