Jenereta ya m'boti ikavuta, yambirani apa musanagule AVR yatsopano

Maboti akuluakulu a panyanja yathuyi, kaya a usodzi ku Mangochi ndi Monkey Bay kaya onyamula anthu pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma, amadalira jenereta ya dizilo pa magetsi, mafiriji a nsomba ndi mapampu. Ikangovuta anthu amathamangira kunena kuti AVR, kachipangizo kowongolera ma volts, yapsa kapena injector pump yatha, zida zodula kumene, chonsecho nthawi zambiri vuto limakhala kafyuluta kotsekeka kapena waya womasuka basi. Nde tengani multimeter yoyeza ma volts ndi ma Hz, masipanala anu, muyende motere.

Choyamba mverani sitata. Ngati ikungoti tcha koma injini osazungulira, yezani batire. Ya 12V yodzadza imawerenga cha m'ma 12.6, ndipo pamene mukuliza injini isatsike kupitirira 10. Batire ikakhala bwino pitani pa ma terminal ndi waya wa earth, chinyezi cha m'boti chimawadya mwakachetechete, mumaona zobiriwira zija, palani mumange zolimba.

Chachiwiri, injini ikuzungulira koma osalira, kapena ikulira kenako nkuzima. Apa ndi nkhani ya mafuta ndipo ndi pomwe pamakhala mavuto ambiri. Onani kaye stop solenoid, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya dizilo, ngati ikukoka mukatembenuza kiyi, ikapanda kukoka dizilo safika ku pampu olo thanki ikhale yodzadza. Kenako tsegulani pansi pa water separator muthire mu kabotolo koyera, madzi amakhala pansi dizilo pamwamba, mumaona ndi maso. Nyengo ya mwera cha mu June ndi July boti likamagwedezeka ndi mafunde litsiro lonse la pansi pa thanki limavunduka nkukatseka fyuluta, nde musadabwe jenereta yomwe imalira bwinobwino padoko ikuzima pakati pa nyanja. Dizilo wa m'zigubu ndiye amabweretsa zimenezi kwambiri. Mukasintha fyuluta chotsani mpweya, masulani pang'ono bleed screw, popani pa lift pump mpaka dizilo atuluke wopanda thovu, mangani. Ikakanabe masulani pang'ono manati a mapaipi pa ma injector, zungulitsani injini mpaka dizilo awonekere, koma dzanja likhale kutali chifukwa mafuta amenewo amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu.

Chenjezo apa, ngati exhaust yanu ndi yotulutsa utsi pamodzi ndi madzi, musamangoliza sitata kambirimbiri valavu ya madzi a m'nyanja ili yotsegula. Pampu ya madzi imapitiriza kuthira madzi mu exhaust, akadzadza amabwerera m'masilinda ndipo con rod ikhoza kupindika. Tsekani valavuyo, injini ikangolira tsegulani pompo.

Chachitatu, ikulira kwa mphindi zingapo nkudzizimitsa yokha. Nthawi zambiri ndi ma sensor a kutentha kapena a oil pressure akugwira ntchito yawo, ndipo chonde musawadumphitse ndi waya ngati amachitira ena. Yang'anani oyilo pa dipstick, kenako suzumirani kunja muone ngati exhaust ikulavula madzi. Ngati ikutuluka youma, tsegulani strainer, sefa ya madzi a m'nyanja. Nyanja yathu ilibe mchere nde dzimbiri silivuta ngati ku Beira kapena Nacala, koma mchenga, ndere, namasupuni ndi majumbo zimatseka ndithu. Strainer ikakhala yoyera tsegulani pampu muone impeller ya labala ija, ikayenda youma kanthawi kochepa mapiko ake amathothoka, ndipo tizidutswato mutisake pa khomo la heat exchanger, momwe madzi a m'nyanja amaziziritsira injini, apo ayi yatsopanoyo mudzaiimba mlandu waulele. Lamba wa pampu naye akhale wokoka, ndipo chivindikiro cha coolant osatsegula injini ili yotentha.

Utsi nawo umanena zambiri. Wakuda ndiye kuti lodi yachuluka, air filter yatsekeka kapena ma injector atopa. Wabuluu ndi oyilo akupsa. Woyera wonunkha dizilo ndi mafuta osapsa, pomwe woyera wozimirira msanga ndi nthunzi, bwererani ku madzi.

Tsopano za magetsi, ndipo apa ndi pomwe ndalama zimatayika. Musanakhudze AVR yezani ma Hz. Jenereta ya 4 pole imayenera kuthamanga 1500 rpm kuti ipereke 50Hz ndi 230V, tating'ono ta 2 pole timathamanga 3000. Ya governor wamba, chowongolera liwiro la injini, imaonetsa 51 kapena 52 popanda lodi nkutsikira ku 50 mukailemetsa, zimenezo nzabwinobwino. Koma ngati mukayatsa firiji ma Hz akugwa kwambiri, magetsi nkumaphethira, vuto lili ku injini, ikusowa mafuta kapena mpweya, AVR yangotsitsa ma volts potsatira liwiro.

Ma Hz akakhala bwino koma ma volts palibe, onani breaker ndi fyuzi ya AVR. Ngati mita ikuwerenga ma volts ochepa chabe, maginito otsalira mu alternator alipo ndipo mukayikire AVR, ma diode a pa rotor, kapena capacitor pa majenereta ang'onoang'ono opanda AVR. Capacitor yotupa kapena yodontha yafa, koma imasunga moto olo injini itazima nde muchotse kaye motowo musanaigwire. Ngati ikuwerenga pafupifupi ziro makamaka itakhalitsa osalira, maginito aja atha ndipo pamafunika kuchita flash, kutanthauza kuwabwezera ndi batire, motsatira buku la makinawo, mukasemphanitsa mawaya mupsereza AVR yomwe inali yamoyo.

Breaker ikamangogwa, zimitsani zonse muziyatsa chimodzichimodzi mpaka wolakwa apezeke, kawirikawiri ndi mota ya pampu yomwe yalowa madzi. Ikagwabe zonse zili zozima, zimitsani injini, chotsani batire, muitane wamagetsi wokhala ndi megger, mita yoyezera ngati moto ukudontha, adzayeze ma winding, ndipo achotse kaye mawaya a AVR asanayeze.