Ulendo wa sabata ku Blantyre kuchokera ku Mulanje

Mwafunsa kakonzekeredwe kake. Musananyamuke mukhale ndi chiphaso cha unzika, tchaja, juzi ngati ndi Juni kapena Julayi, ndi ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. M'thumba zochepa chabe.

1. Imbirani kumene mukafikire, akuuzeni siteji yotsikira.
2. Kwerani minibasi m'mawa pa Chitakale. Njira ya Midima ndiyo yachidule kuposa yodzera ku Thyolo ndi Bvumbwe.
3. Ambiri amalakwitsa pa Limbe, posinthira minibasi. Chikwama musapatse anyamata oitanira, gwirani nokha, foni ikhale m'kati. Musanakwere ina, funsani kondakitala komwe ikupita ndi mtengo wake. Chonde, mdima usakupezeni pamenepo.
4. Zam'tauni chitani 9 koloko ikadutsa. M'mawa msewu wa Chipembere umathinana.
5. Ndalama yobwerera ipatuleni tsiku lofika.