Musanagule mashoko a galimoto yanu yakale yaliwiro, tengani kaye tepi

Mwezi wathawu mnyamata wina wa cha ku Bembeke anandipeza pa Dedza boma ndi Altezza yake yotuwa, kumbuyo kwake kutakhaliratu pansi ngati bakha. "Akulu, ndikufuna mashoko olimba kwambiri kuti galimotoyi idzuke," anatero, ndalama ali nazo kale m'thumba. Ndinamuuza kuti atsegule buti. Munali matumba awiri a kachewere wa ku Tsangano, ndipo anavomera kuti umu ndi mmene galimotoyo imayendera pafupifupi Loweruka lililonse. Titatsitsa matumbawo, kumbuyo kunakwera pang'ono chabe. Akanagula mashoko tsiku limenelo, ndalama zikanapita, galimoto n'kukhalabe chikhalire.

Ambiri timasokoneza ntchito za zinthu ziwiri izi: shoko ndi sipuling'i. Chimene chimasenza galimoto ndi sipuling'i. Ndiyo imene imanena kuti galimoto italike bwanji kuchoka pansi, komanso ifewe kapena ilimbe bwanji. Shoko sisenza katundu. Ntchito yake n'kuletsa sipuling'i kuti isamangovinavina ikagunda bampu. M'kati mwake muli oyilo amene amakanikizidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo kuvutikira kwa oyiloyo podutsa n'kumene kumaziziritsa kudumphako. Choncho galimoto yokhala pansi kapena yopendekera mbali imodzi, mlandu ndi wa sipuling'i. Yomwe ikungoyandama ngati bwato mukadutsa hampu, mlandu ndi wa shoko. Pa galimoto ya zaka makumi awiri, nthawi zambiri onse awiri amakhala ndi mlandu, koma muyenera kudziwa wamkulu ndani.

N'chifukwa chake ndikuti yambani ndi tepi yoyezera. Imikani galimoto pamalo osalala, pa simenti osati pa dothi, matayala atapopedwa mofanana, m'buti mulibe kanthu. Yesani kuchokera pakatikati pa limu kukafika m'mphepete mwa madigadi, molunjika m'mwamba. Musayambire pansi, chifukwa tayala likhoza kukunamizani. Lembani manambala a mawilo onse anayi. Kumanja ndi kumanzere kukasiyana ndi mamilimita oposa 15, china chake chalakwika. Kwezani galimoto ndi jeke, muikire chochirikiza cholimba, muyang'ane koyilo yotsiriza ya pansi pamene sipuling'i imakhalira. Apa ndi pamene matope a dzinja amaunjikana, dzimbiri n'kudya chitsulo, kachidutswa n'kuthyoka osamva n'komwe. Ndaonapo masipuling'i ambiri ooneka abwinobwino pamwamba, pansi pake atadukapo kachigawo kotalika ngati chala.

Shoko nayo imaulula yokha. Kachinyezi kochepa ka oyilo pamwamba pake si vuto. Koma ngati oyilo akuchucha mpaka pansi, fumbi n'kumatirira ngati phala, imeneyo yatha. Gwiraninso tayala ndi dzanja, muzungulire: ngati ladyeka mwa mabampu, pena pokwera pena potsika, ndiye kuti lakhala likudumphadumpha pamsewu m'malo mogwira. Njira ija yakale yokanikiza galimoto ndi bondo n'kuona ngati ivine kangapo, pa galimoto zaliwiro musaikhulupirire kwambiri. Masipuling'i ake ndi olimba kale, ndiye ngakhale shoko itafa, munthu simungaigwedeze mokwanira. Opanga mashoko ena amalangiza kuti aziunikidwa bwino akayenda makilomita 80,000. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimafika kuno zitadutsa kale pamenepo ndi mashoko ake oyambirira, ndipo misewu yathu siimawachitira chifundo.

Tsopano nkhani imene ndimakangana nayo kwambiri anyamata: kutsitsa galimoto. Ndikudziwa, Subaru Impreza kapena BMW E36 yotsitsidwa imakongola, tayala litabisala m'madigadi. Masipuling'i otsitsira a Eibach kapena H&R amatsitsa galimoto ndi mamilimita pafupifupi 30, ndipo pa tala wosalala amaithandizadi kuti isapendeke kwambiri pokhota. Koma dzifunseni kuti galimotoyo imagona kuti, imadzuka kulowera kuti. Kuchoka pa Dedza kupita ku Ntcheu pa M1, mahampu a m'malo a malonda akukudikirani. Mukapatuka kulowera kumudzi, pakati pa msewu pamakhala mtumbira umene malole a kabichi ndi mbatata anasiya nthawi ya mvula. Mamilimita 30 amenewo ndi amene amasiyanitsa sampu (mphika wa oyilo wa pansi pa injini) yamoyo ndi sampu yobooka. Palinso china chimene sichioneka ndi maso. Mukatsitsa, mwachepetsa mpata umene wilo limayendamo kukwera m'mwamba. Likagwera m'dzenje, mpatawo umatha msanga, galimoto n'kumenya pa kamphira kotchinga kamene kamaletsa wilo kukwera mopitirira. Zikachitika muli pakona, monga potsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti, tayala limasiya kugwira nthawi yomwe mukulifuna kwambiri.

Samalaninso ndi ma coilover (shoko ndi sipuling'i zomangidwa pamodzi, zotheka kukweza kapena kutsitsa) akale amene amabwera pamodzi ndi galimoto kapena amagulitsidwa pa Facebook. Ena anapangidwira mabwalo a mpikisano. Pa sipuling'i pamalembedwa nambala, 8, 10, mwina 12. Nambalayo ikutanthauza makilogalamu ofunika kuti sipuling'i ifupike milimita imodzi yokha. Ikakula, kulimbanso kumakula. Pa msewu wathu sipuling'i yotero siipinda, ndiye nkhonya yonse ya dzenje imapita ku limu, ku mabushi (mphira za polumikizira zitsulo za kunsi kwa galimoto), ku bodi ya galimoto yokalamba kale, kenako ku msana wanu. Kulimba si kugwira msewu. Tayala limagwira pokhapokha likamatsatira nthaka, ndipo pa msewu wa mabampu sipuling'i yofewerapo yokhala ndi shoko yabwino imatsatira nthaka kuposa yolimba ngati mtengo.

Zodula sipuling'i ndi gilayinda kapena kuiwotcha ndi gasi kuti ifupike, izi zokha musayerekeze. Mukachotsa koyilo imodzi pa zisanu ndi zitatu, sipuling'i imalimba ndi pafupifupi 14 peresenti, shoko ija n'kulephera kuilamulira, komanso kumapeto kwake sikukhalanso bwino pa mpando wake moti ikhoza kugweluka wilo likalendewera. Moto nawo umapha chitsulo. Chimafooka, kenako chimathyoka.

Nanga mugule chiyani? Kwa galimoto yoyenda m'maboma athu ano, ine ndimati masipuling'i a msinkhu umene fakitale inaika, ndi mashoko a gasi a kampani yodziwika. KYB, Monroe, Gabriel ndi Sachs onse amapanga olowa m'malo mwa oyambirira. Gasi wake ndi nayitirojeni, ndipo ntchito yake n'kuletsa oyilo kuchita thovu shoko ikatentha, monga zimachitikira mukayenda mtunda wautali pa msewu wa malata. Gasiyo sakwezanso galimoto kuposa pang'ono chabe, musanamizidwe. Amene thumba likumulola ndipo akufuna galimoto imve chiwongolero msanga, Bilstein ili ndi mitundu itatu yoyenera kuidziwa: B4 ndi yofanana ndi ya fakitale, B6 ndi yolimbirapo koma ya msinkhu womwewo, pamene B8 ndi yaifupi, yopangidwira masipuling'i otsitsa. Apa ndi pamene mfundo yagona: shoko ndi sipuling'i ziyenera kukhala za banja limodzi. Sipuling'i yaifupi pa shoko ya fakitale imapha shokoyo msanga, chifukwa imaigwiritsa ntchito itapanikizika nthawi zonse.

Kanthu kena kakang'ono kwa oyenda kwambiri m'miyala. Mashoko alipo a chubu chimodzi ndi a machubu awiri. A chubu chimodzi amazizira msanga ndipo amagwira bwino pa liwiro, koma mwala ukaphwanya chubucho pisitoni imakakamira. A machubu awiri, lakunja likatiwanika pang'ono, la m'kati limagwirabe ntchito. Pa msewu wa fumbi ine ndimatsamira kwa a machubu awiriwa, ndipo ndi otsikirapo mtengo.

Popita kukagula ku Lilongwe kapena ku Blantyre, musangonena kuti "ndikufuna a Altezza". Tengani nambala ya chasisi. Altezza anaipanga kuyambira 1998 mpaka 2005, ndipo ilipo ya SXE10 ya injini ya masilinda anayi ndi ya GXE10 ya masilinda asanu ndi limodzi. Kulemera kwake kutsogolo sikofanana. Ikasowa m'buku la wogulitsa, muuzeni ayang'ane pa Lexus IS200, chifukwa ndi GXE10 yomweyo dzina lina. E36 nayonso ilipo ya masilinda anayi ndi ya asanu ndi limodzi, kulemera kwake kutsogolo sikofanana. Ngati mungathe, nyamulani shoko ndi sipuling'i zakalezo mukaziyerekeze pa kauntala: kutalika, kukula kwa waya, chiwerengero cha makoyilo, ndi timadontho ta penti timene makampani ambiri amaika pa sipuling'i ngati chizindikiro cha mtundu wake.

Za masipeya ophwasula ku galimoto zina, sipuling'i yopanda dzimbiri ndingaivomere, bola zikhale ziwiri zochokera ku galimoto imodzi. Shoko ndimakayika nayo. Mukakakamizika, igwireni choimirira, muikanikize mpaka pansi ndi kuikoka kangapo. Ikhale yolimba mofanana njira yonse. Ikafika pena n'kungotereka ngati mulibe kanthu, isiyeni. Ndodo yake ikhale yonyezimira, yopanda mikwingwirima. Ine ndinagulapo mashoko awiri "atsopano" m'bokosi lokongola, pa mtengo umene unandisangalatsa, koma sanathe n'komwe dzinja limodzi. Penti inali yatsopanodi.

Pomanga, sinthani awiriawiri, akutsogolo onse kapena akumbuyo onse, osati imodzi. Guliranitu mphira za pamwamba pamene shoko imamangidwa ku bodi, timphira totchinga tija, ndi zovindikira fumbi. Kuika shoko yatsopano ndodo ili pamtunda m'fumbi la mwezi wa Okutobala n'kuipha dala. Onetsetsani kuti makaniko wanu ali ndi chipangizo chenicheni chopanikizira sipuling'i. Zomanga ndi waya kapena chingwe zavulaza anthu, chifukwa sipuling'i yopanikizidwa ikapulumuka imathyola chibwano. Ndipo muimirire pomwepo muone izi: mabawuti odutsa m'mabushi amangidwe komaliza galimoto itatsitsidwa, itakhala pa mawilo ake. Akamangidwa mawilo akulendewera, mphira imakhala yopotoka kuyambira tsiku loyamba, n'kung'ambika pakangopita miyezi. Mukatha zonsezi, pitani ku alayimenti musanayambe ulendo wautali.

Mnyamata wa ku Bembeke uja tinamupeza ndi sipuling'i yothyoka kumbuyo kumanzere, inayo itafooka. Shoko imodzi inali ikuchucha. Anasintha zonse za kumbuyo, za msinkhu wa fakitale, n'kusiya zakutsogolo kuti aziona mwezi wamawa. Titayesanso ndi tepi, mbali ziwirizo zinasiyana ndi mamilimita 3 okha. Za kachewere ndinamuuza kuti azikweza pa lole, koma Loweruka lapitali ndinaiona Altezza ija pa Lizulu, buti ili yasa, akulongedzamo kabichi.