Kalaliki mwamutsazika, nanga akaunti yake ya ku cloud mwaitseka?

Nyengo yogula soya ndi nshawa ikupita kumapeto, ndipo m'masabata apitawa ndayenda m'maofesi a makopaletivu ndi ogula mbewu kuyambira ku Petauke mpaka ku Lundazi. Pafupifupi paliponse ndapeza cholakwa chimodzimodzi. Makalaliki aganyu amene ankakhala pa sikelo atsazikidwa, makiyi a shedi abweza, ndipo pa seva ya mu ofesi, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo a bungwe, mayina awo atsekedwa. Koma tikatsegula akaunti ya bungwe ya Google kapena ya Microsoft 365 ku cloud, kosungira mafayilo pa intaneti, mayina aja akadali momwemo, ndi mphamvu zonse zowerenga ndi kusintha kaundula wa alimi.

Momwe zinayambira ndikudziwa. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri, seva ya mu ofesi nayo n'kumagona. Ambiri munasamutsira mafayilo ku cloud kuti ntchito iziyenda ndi foni. Munachita bwino. Chimene simunachite ndi kusamutsanso malamulo. Mu ofesi muli Active Directory, pulogalamu yosunga mndandanda wa ololedwa kulowa pa seva, pasiwedi imasinthidwa, fulashi siloledwa. Ku cloud kulibe woyang'anira, ndipo malo ena ndinapeza kuti fayilo yonse ya malipiro ili mu Gmail ya mnyamata amene anangobwera kudzaphunzira ntchito. Nkhokwe ziwiri, ina yotseka ndi loko, ina yongotsamiritsa chitseko, chimanga chake n'chimodzi.

Taganizani zimene zili m'kaundula ameneyo: dzina la mlimi, mudzi wake, nambala ya reji, nambala ya foni, makilo amene anagulitsa ndi ndalama zimene akudikira. Munthu amene munamutsazika angathe kutsegula zonsezi atakhala pa benchi ku msika wa Kapata. Sindikunena kuti makalaliki athu ndi akuba, ambiri ndi ana okhulupirika. Koma foni imabedwa, imagulitsidwa, imabwerekedwa, ndipo akaunti imapita nayo limodzi. Wina akangosintha nambala imodzi pa mndandanda wa malipiro, ndalama za Airtel Money kapena MTN zipita kwa munthu amene sanalime n'komwe, ndipo mudzazindikira mwini wake atafika pakhomo ndi risiti. Onjezani apo ndalama za laisensi ya maakaunti a ku cloud zimene mukulipira mwezi ndi mwezi pa mutu uliwonse, kuphatikizapo mitu imene inachoka kalekale. Palinso lamulo la Data Protection Act la 2021, loteteza zambiri za anthu. Amene anatolera zambiri za anthu ndiye ali ndi udindo wozisunga, kulikonse kumene waziika.

Ndikanena izi, yankho limene limanditopetsa ndi lakuti, "Kuno timadziwana tonse, ameneuja ndi mwana wathu." Kudziwanako n'kumene kwatisiyira pasiwedi imodzi ya ofesi yonse, yolembedwa pa kapepala komatidwa pansi pa kiyibodi, yosasinthidwa chiyambire. Ndalama zikasowa mudzafunsa yani, pamene anthu asanu ndi atatu amalowa ndi dzina limodzi? Makiyi a shedi mumawerenga ndi kusainitsa, wapampando sagona kiyi imodzi ikasowa. Bwanji akaunti mukuiona ngati kanthu kachabe?

Mayi wina wa kufupi ndi Katete anandiimitsa pa msonkhano wa alimi. Anati analandira foni kwa munthu wodzitcha wa ku ofesi, amene anatchula mudzi wawo, tsiku limene anapimitsa soya ndi kuchuluka kwa matumba, osaphonya. Kenako anati malipiro akanirira, atchule PIN kuti awakonzere. Anatchula. Ndalama zimene ankasungira feteleza zinatha madzulo omwewo. "Alangizi," anatero, "akanakhala wakuba akanadziwa bwanji matumba anga?" Ndinawauza kuti, "Amayi, PIN sapatsa munthu, ngakhale ine amene." Koma funso lawo linali lolondola, ndipo woyenera kuliyankha ndi amene amasunga kaundula. Titakayang'ana, fayiloyo inali yotseguka kwa aliyense amene ali ndi linki, ndipo linkiyo inali itazungulira m'magulu a WhatsApp kuyambira nyengo yatha.

Chochita si chachikulu. Mndandanda wa anthu ololedwa ukhale umodzi, woyang'anira akhale wodziwika, ndipo lamulo likaikidwa ligwire mbali zonse ziwiri. Ngati muli ndi Active Directory ndi Microsoft 365, zilumikizeni ndi pulogalamu ya Entra Connect, kuti amene mwamutseka mu ofesi atsekekenso mu Entra ID, mndandanda wa ololedwa wa ku cloud ya Microsoft, imene mpaka 2023 inkatchedwa Azure AD. Entra Connect imafananitsa mbali ziwirizi pafupifupi mphindi 30 zilizonse. Chenjerani apa: kungoika tsiku lothera pa akaunti ya mu ofesi nthawi zambiri sikufika ku cloud, muyenera kuitseka ndithu, ndiponso kutulutsa mu akauntiyo mafoni amene analowamo kale. Amene mumagwiritsa ntchito Google muli ndi Google Cloud Directory Sync yolumikizira mbali ziwirizi. Opanda seva, tsegulani akaunti ya bungwe, mafayilo achoke mu Gmail za anthu, aliyense akhale ndi dzina lake ndi kodi yachiwiri ya pa foni. Malinki otseguka kwa aliyense atsekedwe sabata ino. Pa fomu imene kalaliki amasaina pobweza makiyi a shedi onjezanipo mzere wa akaunti, ndipo malipiro ake omaliza asatuluke mzerewo usanasainidwe.