Kuphunzira alowam'malo ndi aneni a Chihindi: dzerani m'Chichewa

Chihindi ndinachiyamba chifukwa cha matenda a achemwali anga. Tinakhala ku Delhi, ku India, miyezi isanu, iwo akulandira chithandizo, ine ndikuwadwazika. Madokotala ankayankhula Chingerezi, koma woyendetsa rikisho (kagalimoto kapena njinga ya matayala atatu yonyamula anthu), wogulitsa masamba ndi amayi a nyumba imene tinkachita lendi ankafuna chiyankhulo chawo. Mayina a zinthu sanandivute: paani ndi madzi, doodh ndi mkaka, davaa ndi mankhwala. Chinandizunguza mutu ndi alowam'malo ndi aneni, chifukwa amasinthasintha. Zinayamba kuyenda tsiku limene ndinasiya kudzera m'Chingerezi n'kuyamba kuyerekeza ndi Chichewa. Zambiri zimene Mngerezi amavutika nazo ife tinayamwira.

Yambani ndi mneni honaa, wofanana ndi "ndili, uli, ali". Main hoon, ine ndili. Tu hai, tum ho, aap hain. Vah hai, iye ali. Ve hain, iwo ali. Ham hain, ife tili. N ya kumapetoyo satchula yonse, imangotulukira m'mphuno, koma musayinyoze, pakuti hai ndi hain zimasiyanira pomwepo. Vah amalemba choncho koma pakamwa amati vo, ndipo yah, uyu, amati ye.

Mwaona kuti "iwe" alipo mitundu itatu. Tu ndi wa mwana wamng'ono, wa bwenzi la ponda apa nane mpondepo, komanso wopempherera kwa Mulungu. Kwa mlendo ndi chipongwe. Tum ndi wa anzanu ndi ang'ono anu. Aap ndiye "inu" wathu uja. Mukadali mlendo, gwiritsani aap kwa aliyense, ngakhale kwa mnyamata wokutungirani tiyi. Polamula nazonso zimatsata: baith, baitho, baithiye, ngati mmene timasiyanitsira "khala" ndi "khalani". Ndipo monga timati "bambo abwera", osati "wabwera", iwonso munthu wolemekezeka amamuchulukitsa: pitaaji aaye hain. Apa simufunika kuloweza kanthu, mtima wanu ukudziwa kale woyenera ulemu.

Chachiwiri ndi umwini. Timati mwana wanga, buku langa, chipinda changa: "-anga" amatsata chinthucho, osati mwini wake. Chihindi n'chimodzimodzi, kungoti magulu a mayina ndi awiri okha, achimuna ndi achikazi. Meraa bhaai, mchimwene wanga. Meri bahan, mchemwali wanga. Mere pitaaji, bambo anga, chifukwa cha ulemu. Aapkaa, wanu, uskaa, wake, hamaaraa, wathu, ndi unkaa, wawo, onse amasintha chomwecho. Vuto n'lakuti zinthu zopanda moyo nazo zili ndi gulu. Kamraa, chipinda, n'chachimuna. Kitaab, buku, n'lachikazi. Davaa ndi wachikazi ngakhale amathera ndi -aa, paani ndi wachimuna ngakhale amathera ndi -i. Choncho dzina musaliloweze lokha. M'kope mwanga ndinkalemba meraa kamraa, meri davaa, meraa paani, ndipo gulu linkalowera limodzi m'mutu.

Tsopano pamene ambiri amagwera mphwayi. Timawu ngati ku, pa, mu m'Chihindi timabwera pambuyo pa dzina: ghar men, m'nyumba, mez par, patebulo, ko, kwa, se, kuchokera kapena ndi. Mlowam'malo akatsatidwa ndi kamawu kotere amavula malaya n'kuvala ena. Main amasanduka mujh, tu amasanduka tujh, vah ndi us, yah ndi is, ve ndi un, ye wochulukitsa, awa, ndi in. Ham, tum ndi aap sasintha. Simunganene main ko. Mumati mujhko, ndipo kawirikawiri amafupikitsa kuti mujhe. Usko amafupikitsa kuti use, unko kuti unhen. Asanu ndi mmodzi amenewa ndinawalemba kuseri kwa chikhatho m'mawa uliwonse kwa sabata yathunthu, n'kumawayang'ana ndili mu rikisho.

Phindu lake ndinaliona msanga, chifukwa zinthu zomugwera munthu, monga njala, ululu, kufuna ndi kudziwa, zimanenedwa ndi ko ameneyu. Mujhe bhookh lagi hai: njala yandigwira. Ndi njala imene ikuchita, ine ndikungolandira. Mujhe paani chaahiye, ndikufuna madzi. Mujhe Hindi aati hai, Chihindi chimandibwerera, kutanthauza kuti ndimachidziwa. Usiku wina cha m'ma 2 koloko achemwali anabuula, ndinathamangira kwa namwino n'kunena kuti, "Didi ko dard ho rahaa hai." Ndiko kuti achemwali akumva ululu; didi ndi chemwali wamkulu. Namwinoyo anadzuka osafunsanso kawiri. Chiganizo chimenecho ndinachiloweza masana ake omwewo, ndipo ndimathokoza mpaka lero.

Aneni onse amathera ndi -naa. Chotsani -naa mutsale ndi tsinde: jaanaa, kupita, jaa, khaanaa, kudya, khaa, karnaa, kuchita, kar. Kenaka ganizani za -ma-, -ku- ndi -dza- athu. Ndimapita: main jaataa hoon. Ndikupita: main jaa rahaa hoon. Ndidzapita: main jaaoongaa. Koma apa pali chimene Chichewa chilibe: mneni amaulula ngati woyankhula ndi mwamuna kapena mkazi. Zimene ndalembazi ndi za mwamuna. Ine ndinazitola kwa mnyamata wa pagolosale, ndiye m'mawa wina ndikutuluka ndi chikwama ndinauza amayi a nyumba aja kuti, "Aunty ji, main baazaar jaa rahaa hoon." Anasiya kukanda ufa wa chapati, manja ali mbuu, n'kundigwira pamkono: "Rahi, beti, rahi." Mkazi amati jaati hoon, jaa rahi hoon, jaaoongi. Ngati mungathe, tsanzirani munthu wofanana nanu. Pofunsa mnzanu zimatsata iyeyo: aap jaa rahe hain kwa bambo, aap jaa rahi hain kwa mayi.

Kamawu kakuti ne kamene kamaloza wochita ntchito, musiyeni komalizira, miyezi iwiri itadutsa. Amabwera m'nthawi yakale yokha, pa ntchito imene inachitika n'kutha, ndiponso pokhapokha mneni ali ndi pamtherankhani. Amamatika kwa wochita: maine, aapne, usne, unhonne, hamne. Akangofika, mneni amasiya kutsata wochita n'kuyamba kutsata chochitidwacho. Maine akhbaar padhaa, ndinawerenga nyuzipepala. Maine kitaab padhi, ndinawerenga buku. Maine kelaa khaayaa, ndinadya nthochi; maine roti khaai, ndinadya roti, yemwe ndi chapati; maine do kele khaaye, ndinadya nthochi ziwiri. Mwamuna ndi mkazi amanena mofanana, chifukwa mwini mphamvu tsopano ndi nthochi ndi roti. Ndinalimbana nazo masiku ambiri mpaka ndinakumbukira kuti ifenso timati buku ndinaliwerenga, kalata ndinayiwerenga. Mneni wathu amadziwa kale kuloza chochitidwa.

Aneni opanda pamtherankhani satenga ne: main gayaa, main gayi, ndinapita. Laanaa, kubweretsa, ndi bhoolnaa, kuyiwala, nawonso samutenga: main davaa laai. Ndipo chochitidwa chikakhala ndi ko, mneni amangoima pa -aa osatsata aliyense: maine didi ko dekhaa. Aneni ochepa osamvera lamulo alowezeni padera: gayaa, kiyaa, diyaa, liyaa, a kupita, kuchita, kupatsa ndi kutenga.

Musaganize kuti mapeto a aneniwa ndi zokongoletsa chabe. Mawu akuti kal amatanthauza dzulo, amatanthauzanso mawa. Kal main gayi thi, ndinapita dzulo; kal main jaaoongi, ndipita mawa. Tsiku lokaonana ndi dokotala mumalimvera kwa mneni basi.

Madzulo aliwonse ndinkalemba ziganizo zisanu za tsikulo, chimodzi cha mujhe, chimodzi cha maine, zina mmene zabwerera, n'kukawawerengera Aunty ji pakhonde. Ankakonza ndi pakamwa, ine n'kubwereza katatu mokweza. Chakumapeto kwa mwezi wachinayi namwino anandifunsa kuti, "Didi ne davaa li?" Ndiko kuti, achemwali amwa mankhwala? Ndinayankha kuti, "Ji haan, unhonne le li," ndipo ndinazindikira ndili kale pakhomo kuti sindinadzere m'chiyankhulo china chilichonse.